Dzina la gulu lanu pa intaneti: mwini wake ndani?

Munthu woyenda m'mafamu a ku Mashonaland, kuchokera ku Karoi ndi Banket mpaka ku Mvurwi, Shamva ndi Macheke, amamva Chichewa chikuyankhulidwa m'makomboni ndi m'minda ya fodya. Eni chiyankhulochi ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu a azungu, ena paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito lija ankalitcha Mthandizi. Chaka cha 2000 chisadafike, mafamu akuluakulu a m'Zimbabwe adali ndi antchito oposa 300,000, ndipo ochuluka ndithu mwa iwo adali ochokera m'mabanja oterewa.

Anthuwa amadziwa bwino kulemera kwa dzina lolembedwa m'kaundula. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri amene adabadwira m'Zimbabwe momwemo adapezeka kuti zitupa zawo zikuwatchula kuti ndi alendo, ndipo adataya ufulu wovota. Padatenga malamulo aakulu a dziko a mu 2013 kuti obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC avomerezedwenso ngati nzika, komanso kuti Chichewa chiwerengedwe pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Mlimi wa fodya naye amadziwa kuti popanda nambala yake ya ku bungwe la TIMB, mabelo ake sangagulitsidwe m'dzina lake.

Tsopano pali kaundula wina amene akukhudza moyo wa alimi, makalabu ndi mabungwe a m'madera: kaundula wa maina a pa intaneti. Uthenga wa mitengo ya mbewu, ngongole za zipangizo ndi mwayi wa ntchito ukufika pa foni, ndipo kawirikawiri umabwera ndi adiresi yoti munthu aidine. Kodi adiresi imeneyo idalembetsedwa ndi yani? Nanga wina akatenga dzina la gulu lanu, mungakadandaule kuti?

Mchira wa dzina n'chiyani?

Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala ndi dzina, monga dzinalagulu.org kapena dzinalagulu.co.zw. Mbali yomalizira, imene ili kutsogolo kwa kadontho kotsiriza, tiitche mchira wa dzina. Michira ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi ya maiko ndipo imakhala ya zilembo ziwiri: .zw wa Zimbabwe, .mw wa Malawi, .zm wa Zambia ndi .mz wa Mozambique. Ina ndi ya aliyense posatengera dziko, monga .com, .org ndi .net.

Dzina la pa intaneti siligulidwa mpaka kalekale ngati njinga. Limachitidwa lendi, kawirikawiri kwa chaka chimodzi, kudzera ku kampani yolembetsa maina, ndipo lamulo lake ndi lakuti wafika msanga watenga. Mwini wake akaleka kulipira, dzinalo limabwerera pamsika ndipo wina aliyense angathe kulitenga.

Woyang'anira michira ya aliyense ndi bungwe la ICANN, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles m'dziko la America. Michira ya maiko imayendetsedwa ndi eni dziko. Ku Zimbabwe udindo wa .zw uli m'manja mwa POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mtokoma ndi mafoni, pamene maina othera ndi .co.zw akhala akulembetsedwa kwa zaka zambiri kudzera ku ZISPA, mgwirizano wa makampani opereka intaneti. Ku Malawi udindo wa .mw udaperekedwa ku Malawi SDNP mu 2002.

Chipata chidatsegulidwa mu 2012

Kufikira mu 2011 michira ya aliyense idalipo 22 yokha. Mu 2012 ICANN idalola kuti kampani, mzinda kapena bungwe lililonse lipemphe mchira wakewake, polipira madola a ku America 185,000 pa pempho limodzi. Mapempho adafika 1,930, ndipo m'zaka zotsatira michira yatsopano yoposa 1,200 idayamba kugwira ntchito, monga .shop, .farm, .coffee, .online ndi .xyz.

Mwa mapempho onsewo, 17 okha ndiwo adachokera mu Africa, ndipo ambiri mwa iwo adali a ku South Africa, kuphatikizapo a mizinda ya Cape Town, Durban ndi Johannesburg. Panali thumba lothandiza opempha ochokera m'maiko osauka, koma adalifunsira ndi atatu okha ndipo adavomerezedwa ndi mmodzi. Motero mawu ambiri okhudza ulimi, chakudya ndi malonda adagwera m'manja mwa makampani a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Pamene maina akuluakulu ayamba kugawidwa, mikangano siichedwa.

Mlandu wa .africa

Mkangano umene udakhudza dera lathu lino kwambiri ndi wa mchira wa .africa. Opempha adalipo awiri. Woyamba adali bungwe la ku South Africa lodziwika ndi dzina loti ZA Central Registry, lomwe lidasankhidwa ndi African Union kuti liyendetse mchirawu m'malo mwa maiko a mu Africa. Wachiwiri adali DotConnectAfrica Trust, lotsogozedwa ndi Mayi Sophia Bekele a ku Ethiopia. Bungwe lachiwirili linkanena kuti lidalandira kalata yolivomereza kuchokera ku African Union mu 2009, koma African Union idati idabweza chivomerezocho. Lamulo la ICANN linkafuna kuti wopempha dzina la chigawo cha dziko lapansi akhale ndi chilolezo cha maboma osachepera 60 pa 100 alionse a m'chigawocho.

Mu Epulo 2013, pamsonkhano wa ku Beijing, komiti ya nthumwi za maboma idalangiza ICANN kuti ikane pempho la DotConnectAfrica, ndipo mu Malichi 2014 ICANN idasayinirana mgwirizano ndi bungwe la ku South Africa lija. DotConnectAfrica idakadandaula ku gulu la oweruza oima paokha, lomwe mu Julayi 2015 lidagamula kuti ICANN idaphwanya malamulo ake omwe pa momwe idasamalira pempholo. Pempho lija lidaunikidwanso koma lidalephera chifukwa chosowa chilolezo cha maboma. Nkhaniyo idalowa m'makhothi a ku California mu 2016, ndipo kwa kanthawi khothi lidaimitsa zonse. Mchira wa .africa udayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2017, ndipo anthu wamba adayamba kulembetsamo maina mu Julayi chaka chomwecho.

Kwa zaka pafupifupi zisanu, amalonda ndi mabungwe a mu Africa adadikira dzina la dera lawo lomwe uku mlandu ukuweruzidwa kutsidya la nyanja. Komabe nkhaniyi idaonetsa kuti maboma akayankhula ndi mawu amodzi amamveka, ndiponso kuti wopempha wamng'ono ali ndi kokadandaula ngakhale wolakwa atakhala woyang'anira wamkuluyo. Chitetezo china chimene chidatsatira n'chakuti maboma a mu Africa adapatsidwa mwayi wosungitsa maina ofunika a m'maiko awo mu .africa anthu wamba asadayambe kulembetsa.

Alimi a mphesa ndi eni mtsinje wa Amazon

Alimi nawo adalowapo m'mikangano imeneyi. Makampani atapempha michira ya .wine ndi .vin, alimi a mphesa ndi ofulula vinyo a ku France, ku Italy ndi madera ena adaopa kuti munthu wosalima n'komwe angalembetse maina a madera otchuka, monga Champagne ndi Bordeaux, n'kumagulitsa vinyo wachabechabe m'dzina lawo. Mabungwe a alimiwo adakakamiza maboma awo kuti alowererepo, ndipo nkhaniyo idatha mu 2015 pamene kampani ya Donuts, yomwe idapambana michirayo, idapangana nawo za katetezedwe ka maina a madera.

Ku South America zidatha mwina. Kampani ya Amazon idapempha .amazon mu 2012, koma maiko a Brazil ndi Peru adakana ponena kuti dzinalo ndi la mtsinje, nkhalango ndi anthu okhala m'menemo. Pamsonkhano wa ku Durban mu Julayi 2013 nthumwi za maboma zidagwirizana ndi maikowo, ndipo ICANN idaimitsa pempholo mu 2014. Kampaniyo idachita apilo n'kupambana mu 2017, ndipo mu 2019 ICANN idalola kuti itenge mchirawo italonjeza kuteteza maina ena okhudza chikhalidwe cha derali. Maiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Amazon sadakhutire nazo.

Phunziro kwa alimi a kuno ndi looneka. Maina monga Mazowe, odziwika ndi malalanje, kapena Mzuzu, odziwika ndi khofi, ali ndi mtengo pamsika chifukwa cha thukuta la anthu ambiri. Alimi a mphesa adamveka chifukwa adali ndi mabungwe olimba komanso maina a madera awo adali otetezedwa kale m'malamulo. Kumene kulibe ziwirizi, dzina la dera limatengedwa ndi amene wafika msanga.

Malamulo oteteza eni maina

Njira yakale kwambiri yothetsera mikangano ya maina ndi ndondomeko yotchedwa UDRP, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imagwira ntchito pa michira yonse ya aliyense, yakale ndi yatsopano yomwe. Wodandaula ayenera kutsimikiza zinthu zitatu. Choyamba, kuti dzina lolembetsedwalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda mwakuti anthu angasokonezeke. Chachiwiri, kuti wolembetsayo alibe ufulu kapena chifukwa chomveka chogwiritsira ntchito dzinalo. Chachitatu, kuti adalilembetsa ndipo akuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa, monga kufuna kuligulitsa kwa mwini wake pa mtengo wokwera kapena kunamiza ogula.

Mlandu wotere umayenda pa makalata okha, popanda kukaonekera kukhothi. Wodandauliridwa amapatsidwa masiku 20 kuti ayankhe, ndipo chigamulo chimatuluka pakatha miyezi pafupifupi iwiri. Woweruza angathe kulamula kuti dzinalo liperekedwe kwa wodandaula kapena lifafanizidwe, koma sangalamule chipepeso cha ndalama. Ku bungwe la WIPO ku Geneva, lomwe limaweruza milandu yambiri yotere, dandaulo la kwa woweruza mmodzi limalipiridwa madola 1,500, osawerengera za loya.

Michira yatsopano idabwera ndi zotetezera zina zitatu. Mu 2013 kudatsegulidwa nkhokwe ya padziko lonse ya zizindikiro za malonda yotchedwa Trademark Clearinghouse, komwe mwini chizindikiro amalembetsa polipira madola pafupifupi 150 pachaka. Mchira uliwonse watsopano uyenera kupatsa olembetsa m'nkhokweyi masiku osachepera 30 oti atenge maina awo anthu ena asadaloledwe. Kenaka, kwa masiku 90 oyambirira, aliyense wofuna dzina lofanana ndi chizindikiro cha m'nkhokwemo amachenjezedwa, ndipo akapitiriza mwini chizindikiro amadziwitsidwa. Palinso njira yachangu yotchedwa URS, ya milandu yosakayikitsa, yomwe mtengo wake sufika madola 500. Koma iyo imangotseka dzinalo, silipereka kwa wodandaula.

Apa tiyenera kunena zoona: zotetezera zonsezi zidapangidwira eni zizindikiro za malonda. Kalabu ya amayi osoka, gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama kapena kopaletivi ya alimi a tomato imene sidalembetse dzina lake ingavutike kupambana, pokhapokha itaonetsa umboni wokwanira kuti yakhala ikuchita malonda ndi dzinalo ndipo anthu amaidziwa nalo. Mwayi ulipo ndi wakuti maofesi olembetsa zizindikiro ali pafupi. Ku Harare kuli ofesi ya boma ya ZIPO, komanso likulu la ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa limene, kudzera m'pangano la ku Banjul la mu 1993, limalola kulembetsa chizindikiro m'maiko angapo ndi pempho limodzi. Zimbabwe ndi Malawi onse ali m'panganoli.

Dziwaninso kuti michira ya maiko imayendera malamulo akeake. Milandu ya maina a .mw ingathe kupita ku WIPO, pamene wofuna kudandaula za dzina la .zw ayenera kuyamba wafunsa kwa woyang'anira kaundulayo ndi kutsata malamulo a m'Zimbabwe.

Ngozi yaikulu ili kwa wodina

Kwa mlimi wamba, ngozi ya tsiku ndi tsiku si kulandidwa dzina koma kunamizidwa ndi dzina lofanana ndi lenileni. Zimbabwe idagulitsa fodya wolemera makilogalamu 296 miliyoni mu 2023, wambiri wochokera m'zigawo zitatu za Mashonaland ndi Manicaland, ndipo woposa magawo 90 pa 100 umalimidwa pa kontirakiti. Ndalama zambiri zimayenda pa foni chiyambire ntchito ya EcoCash mu 2011. Pamene pali ndalama zotere, akathyali sasowa. Michira ina yatsopano imagulitsa maina pa dola imodzi kapena ziwiri chaka choyamba, kotero munthu wachinyengo angathe kulembetsa dzina lofanana ndi la banki, la kampani ya fodya kapena la bungwe lothandiza, n'kutumiza uthenga wolonjeza feteleza wa ngongole kapena ntchito ya kunja, kenaka n'kupempha ndalama yolembetsera kapena nambala yachinsinsi. Tsambalo limaoneka bwino ndithu, ndi zithunzi ndi zidindo zomwe, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chilembo chimodzi chimasokoneza ngakhale akuluakulu. Mu 2023 zidadziwika kuti makalata ochuluka zedi opita kwa asilikali a ku America, amene mchira wawo ndi .mil, ankasochera kupita ku .ml, mchira wa dziko la Mali, chifukwa olemba ankaiwala chilembo chimodzi. Chaka chomwecho kampani ya Google idatsegula michira ya .zip ndi .mov, ndipo akatswiri a chitetezo adadandaula kuti mawuwa amafanana ndi mathero a maina a mafayilo a pa kompyuta, kotero munthu angadine adiresi akuyesa kuti akutsegula chikalata.

Pofuna kuchepetsa vutoli, kuyambira mu Epulo 2024 mapangano a ICANN amakakamiza makampani olembetsa maina ndi oyendetsa michira kuti achitepo kanthu mwachangu akalandira umboni woti dzina likugwiritsidwa ntchito kubera anthu zinsinsi zawo kapena kufalitsa mapulogalamu owononga. Kampani iliyonse yotere iyenera kukhala ndi adiresi yolandirira madandaulo, ndipo ikanyalanyaza, nkhaniyo ingathe kutumizidwa ku ICANN kwaulere. Ku Zimbabwe kulinso lamulo la mu 2019 loteteza ogula, ndi la mu 2021 loteteza zinsinsi za anthu pa makina, lomwe lidapatsa POTRAZ udindo woyang'anira nkhaniyi. Wobedwa ndalama akanene kupolisi ndi ku kampani ya foni kapena banki yake tsiku lomwelo.

Michira ina idamangidwa ndi mpanda. Wa .coop, womwe udayamba mu 2002, ndi wa makopaletivi ndi mabungwe owatumikira okha, ndipo wolembetsa amafunsidwa umboni. Wa .bank umaperekedwa kwa mabanki otsimikizidwa okha. M'Zimbabwe, maina othera ndi .gov.zw ndi a maofesi a boma.

Zoyenera kuchita alangizi ndi magulu

Phunzitsani anthu kuwerenga adiresi kuyambira kumapeto. Mwini tsamba amadziwika ndi mawu amene ali pafupi ndi mchira. Adiresi ya dzinalagulu.co.zw ndi ya gulu lanu, koma ya dzinalagulu.co.zw.winawake.xyz ndi ya winawakeyo, ngakhale dzina lanu likuoneka poyambirira. Kachizindikiro ka loko kooneka pambali pa adiresi kamangosonyeza kuti uthenga ukuyenda mobisika. Sikatsimikiza kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika.

Uthenga uliwonse wopempha ndalama kapena nambala yachinsinsi uyambe watsimikizidwa kwa mlangizi wa AGRITEX, kwa woimira kampani amene mumamudziwa nkhope, kapena pa nambala ya foni yolembedwa pa kontirakiti yanu. Paja safunsa adadya phula. Banki kapena kampani ya foni yeniyeni siipempha nambala yachinsinsi kudzera mu uthenga.

Gulu likafuna tsamba lake, dzina lilembetsedwe m'dzina la gululo, osati la mnyamata wodziwa kompyuta amene wathandiza kulikonza. Magulu amataya maina awo mosavuta pamene wothandizayo wasamuka kapena wayambana ndi komiti, popeza m'kaundula mwini ndi iyeyo. Adiresi ya imelo yolembetsera ikhale yoti anthu awiri kapena atatu a m'komiti angathe kuitsegula, ndipo malisiti onse asungidwe pamodzi ndi mabuku a msungichuma.

Tsiku lolipiranso lilembedwe m'buku la gulu. Pa michira ya aliyense, kampani yolembetsa iyenera kukumbutsa mwini dzina kawiri nthawi isadathe, patatsala mwezi umodzi ndiponso sabata imodzi, ndipo dzina likafafanizidwa pamakhala masiku 30 oliombola pa mtengo wokwererapo. Masiku amenewo akatha, dzina lapita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina losalipiridwa ndi la mphepo. Funsaninso mtengo wa chaka chachiwiri musadalembetse, chifukwa michira yotchipa poyamba imakwera kwambiri pambuyo pake.

Musataye ndalama polembetsa dzina lanu m'michira yambirimbiri poopa akuba. Kwa gulu laling'ono, dzina limodzi la .co.zw kapena .org.zw, mwinanso ndi lina limodzi la .org kapena .africa, n'lokwanira. Ndalama yotsalayo ndi bwino ipite kukalembetsa chizindikiro cha malonda, pakuti ndicho chimapatsa gulu mphamvu pa mlandu uliwonse wa dzina. Sungani umboni woti mwakhala mukugwiritsa ntchito dzinalo: malisiti, zikwangwani, mapepala a msonkhano ndi satifiketi ya gulu.

Michira ina ikubwera

ICANN idakonza zoti gawo lachiwiri la mapempho a michira yatsopano litsegulidwe mu Epulo 2026, pa mtengo wa madola 227,000 pa pempho, ndi lonjezo lochotsera magawo 75 mpaka 85 pa 100 kwa opempha oyenera kuthandizidwa. Palibe kalabu ya alimi ingakwanitse ndalama zotere, koma ndondomekoyi imapereka mpata woti mapempho onse alengezedwe poyera, anthu aperekepo ndemanga, ndipo maboma achenjeze za maina okhudza madera, mitundu ya anthu ndi zikhalidwe zawo. Mabungwe a alimi, bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ ndi mabungwe a chitukuko angathe kufunsa POTRAZ ndi unduna woona za luso la makono za maina amene apemphedwa, ndi kupereka maganizo awo nthawi ikadalipo. Alimi a mphesa a ku Ulaya adayamba kuyankhula mapempho atangolengezedwa, ndipo n'chifukwa chake maina a madera awo adatetezedwa.